Nyumba za mdima za ku Johannesburg: khonsolo imvere ndani?

Cha m'ma 1 koloko usiku, pa 31 Ogasiti 2023, moto unabuka pa nambala 80 mu msewu wa Albert, m'dera la Marshalltown pakati pa mzinda wa Johannesburg. Mmene kunkacha, nyumba ya nsanjika zisanu yotchedwa Usindiso inali itasanduka manda. Anthu 76 anafa: ena anapsa, ena anabanika ndi utsi akufunafuna potulukira, ena anadziponya pawindo. Ambiri anali ochokera m'mayiko ena, ndipo Amalawi omwe anapita ku Joni kukasaka maganyu anali m'gulu lomwelo, kotero kuti maliro ake analiridwa mpaka m'midzi ya ku Malawi.

Mwini nyumbayo anali khonsolo ya mzinda. M'nthawi ya tsankho munali ofesi yoona za ziphaso zomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nazo. Pambuyo pake inakhala pothawira amayi ndi ana ozunzidwa, koma bungwe lomwe linkaiyang'anira litafooka, munadzaza anthu osowa pogona. Zipinda zinagawidwa ndi matabwa, timikhukhu tinamangidwa mkati mwenimweni, ndipo lendi ankatolera ndi anthu omwe analibe chikalata chilichonse cha umwini. Nyumba zotere zilipo zambiri pakati pa mzindawu. Anthu amazitcha mnyamandawo, kutanthauza malo amdima, chifukwa magetsi ndi madzi zinadulidwa kalekale.

Phulusa lisanazizire n'komwe, mkangano unayamba. Akuluakulu ena a khonsolo analoza chala mabungwe omenyera ufulu wa anthu, makamaka la Socio-Economic Rights Institute of South Africa, lomwe limadziwika kuti SERI. Ankati nthawi zonse khonsolo ikafuna kutulutsa anthu m'nyumba zoopsa, mabungwewa amathamangira kukhothi n'kuimanga manja. Mabungwewo anakana, n'kunena kuti khonsolo ndi yomwe yakhala ikuzemba udindo wake kwa zaka zambiri. Pansi pa kulozana zalaku pali funso lomwe mzinda uliwonse wokhala ndi anthu osowa pokhala umakumana nalo: kodi anthuwo ali ndi mawu pa zomwe khonsolo ikuwakonzera, kapena ntchito yawo n'kungonyamula katundu akauzidwa?

Malamulo a South Africa anayankha kale funsoli. Gawo 26 la malamulo aakulu a dzikolo, a chaka cha 1996, limati palibe wochotsedwa pakhomo pake popanda chigamulo cha khothi. Mlandu womwe unapereka mano ku mawu amenewa unakhudza anthu oposa 400 a m'nyumba ziwiri, ya San Jose pa nambala 51 mu msewu wa Olivia ku Berea, ndi ina ya pa nambala 197 mu msewu wa Main. Khonsolo inkafuna kuwatulutsa ponena kuti nyumbazo zinali zoopsa, ndipo pamenepo sinkanama. Koma mu 2007, khothi lalikulu loona za malamulo a dziko, lisanagamule, linalamula mbali ziwirizi kuti zikhale pansi n'kukambirana moona mtima.

Zomwe zinatuluka pa zokambiranazo n'zazing'ono kuzimva, koma ndi zomwe zimapulumutsa moyo. Anagwirizana kuti podikira malo ena, khonsolo ibweretse zimbudzi, madzi akumwa, matumba a zinyalala ndi zida zozimitsira moto, ndipo kenako anthuwo asamukire m'nyumba zina ziwiri pakati pa mzinda pomwepo, pafupi ndi pomwe amapeza chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Mu Febuluwale 2008, woweruza Zak Yacoob analemba chigamulo chomwe chinakhazikitsa kuti khonsolo isanasiye munthu pamtetete, iyenera kuyamba yakambirana naye.

Kufunika kwa kufunsa kumaoneka bwino pomwe anthu sanafunsidwe. Mu Disembala 2011 khothi lomwelo linagamula pa mlandu wa Blue Moonlight kuti khonsolo ipezere malo ongoyembekezera anthu omwe ankachotsedwa ndi kampani m'nyumba ina ya mu msewu wa Saratoga. Ena mwa iwo anawapititsa ku Ekuthuleni, malo ogona omwe ankayendetsedwa ndi bungwe lachikhristu la MES m'malo mwa khonsolo. Denga analipeza, koma linabwera ndi malamulo. Pakati pa sabata aliyense ankayenera kutuluka pofika 8 koloko m'mawa, osabwerera mpaka 5:30 madzulo, ndipo 8 koloko usiku chipata chinkatsekedwa. Amuna ankagona kwaokha, akazi kwaokha, ngakhale okwatirana. Okonza malamulowa ankati akufuna anthu azikasaka ntchito masana m'malo mokhazikika pamalo ongodutsirapo, ndipo cholingacho sichinali choipa. Koma mlonda wogwira ntchito usiku akagona kuti masana? Nanga wodwala? Zimenezi munthu wokhala mu ofesi angathe kuziiwala, pamene mwini wake angazinene m'mphindi zisanu zoyamba atafunsidwa. Zinatengera zaka zisanu za milandu kuti mu Disembala 2017, pa mlandu wa Dladla, khothi linene kuti malamulowo ankanyoza ulemu wa anthu ndi kuphwanya ufulu wawo.

Komabe a khonsolo akamadandaula, si zonse zomwe amanena zili zongozembera. Kukambirana kumadya nthawi, ndipo nyumba yomwe nthambo zamagetsi obera zikulendewera pamwamba pa matabwa ouma siidikira kuti msonkhano uthe. Wogwira ntchito yozimitsa moto yemwe waona makomo othawira atatsekedwa ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti anthu atuluke lero lomwe.

Palinso vuto la yemwe akuyankhula m'dzina la anthuwo. M'nyumba zina muli makomiti enieni osankhidwa ndi okhalamo, omwe amasonkhetsa ndalama zosesera ndi kulondera. M'nyumba zina wolamula ndi yemwe amatolera lendi, nthawi zina ali ndi mfuti m'chiuno, ndipo iyeyo phindu lake lili pakuti zinthu zisasinthe. Khonsolo ikakambirana ndi munthu wotero, imakhala yalimbitsa wodyera anzake masuku pamutu. Kusiyanitsa awiriwa kumafuna antchito olowa m'nyumbamo kawirikawiri, odziwa anthu ndi mayina awo, ndipo antchito otere ndi ndalama.

Ndiye pali anthu ena omwe nawonso ndi eni mzinda: a masitolo, eni nyumba zalendi zovomerezeka, makolo omwe ana awo amadutsa pafupi ndi madzi a m'zimbudzi popita kusukulu. Amalipira misonkho ndipo ali ndi ufulu wodandaula. Kunja kwa tawuni kuli mabanja omwe akhala zaka zambirimbiri pa mndandanda wodikira nyumba za boma, ndipo amafunsa chifukwa chomwe wolowa m'nyumba ya eni popanda chilolezo angathandizidwire iwo asanalandire. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo womenyera ufulu yemwe amalinyalanyaza amadzichotsera yekha omumvera.

Chomwe chimasokoneza mlingo n'chakuti magulu amenewa samveka mofanana. Malamulo a makhonsolo a 1998 ndi 2000 anakhazikitsa makomiti a m'mawodi ndi misonkhano yokambirana mapulani a chitukuko, ndipo pa pepala khomo ndi lotsegukira aliyense. Koma wabizinesi ali ndi loya, ali ndi nambala ya foni ya khansala, ndipo amavota. Mayi wa ku Mangochi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu savota, ndipo ngati mapepala ake anatha, holo yodzaza akuluakulu a boma ndi malo omaliza omwe angafune kupondako. Manthawa ali ndi maziko. Pa nthawi ya meya Herman Mashaba, yemwe analamulira mzindawu kuyambira 2016 mpaka 2019, apolisi ankachita zipikisheni m'nyumbazi popanda chilolezo cha khothi, mpaka makhothi anadzagamula kuti mchitidwewo unali wosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ngakhale pambuyo pa moto wa Usindiso, ena mwa opulumuka omwe analibe mapepala anagwidwa n'kutumizidwa ku Lindela, malo osungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Khonsolo ikamati yamva maganizo a anthu, kawirikawiri imakhala yamva omwe anali ndi mphamvu kale.

N'chifukwa chake gulu la Inner City Federation, lomwe linayamba mu 2015, lili lofunika. Ndi la okhala m'nyumbazi eni ake. Limalumikiza makomiti a nyumba zosiyanasiyana, limalimbikitsa okhalamo kusesa ndi kukonza malo awo, ndipo limapempha khonsolo madzi, zimbudzi ndi kuchotsa zinyalala. Gulu lotere limapatsa khonsolo chinthu chomwe imati imasowa, ndicho munthu wodziwika woti ikambirane naye.

Nanga zoti makhothi anamanga khonsolo manja? Apa mbali ziwirizi sizilemera mofanana. Palibe chigamulo chomwe chinaletsa kutulutsa anthu m'nyumba yoopsa. Chomwe zigamulozo zimafuna n'chakuti anthuwo amvedwe ndipo apatsidwe kolowera, ndipo ntchito imaima chifukwa khonsolo sinakonze malo ongoyembekezera okwanira m'zaka zonse zomwe zadutsa chigamulire mlandu wa Blue Moonlight. Komiti yofufuza za motowo, yotsogozedwa ndi woweruza wopuma Sisi Khampepe, inatulutsa lipoti lake loyamba mu Meyi 2024. Inapeza kuti khonsolo ndi kampani yake yoyang'anira nyumba, Johannesburg Property Company, zinkadziwa za kuopsa kwa Usindiso kuyambira 2019 koma sizinachitepo kanthu kokwanira, ndipo inati mzindawo uli ndi mbali yake pa imfa zija. Zomwe zinaperekedwa ku San Jose mu 2007, monga madzi, zida zozimitsira moto ndi kuchotsa zinyalala, sizinkafuna chilolezo cha khothi lililonse kuti zifike pa nambala 80 mu msewu wa Albert.

Opulumuka ambiri anayamba asungidwa m'maholo, kuphatikizapo ya Hofland Park ku Bezuidenhout Valley. Kumapeto kwa 2023 ena anawasamutsira ku Denver, dera la mafakitale kum'mawa kwa mzinda, m'timikhukhu tamalata tomwe khonsolo inamangitsa. Mvula ya dzinja lomwelo itagwa, madzi analowa m'timikhukhumo n'kunyowetsa zofunda ndi katundu wochepa yemwe anthuwo anali atayamba kusonkhanitsanso moto utawalanda zonse.