ZIPANGIZO ZATHU: Musakhethemule Mfuti ya .22 Yopanda Cipolopolo

Abale a pa migodi, sabata ino tikamba za mfuti yaing'ono ija ya .22, imene amuna ambiri amaifuna akabwerera kwao, kuti aziphera nkhanga ndi akalulu, ndi kuingitsa anyani m'munda wa cimanga. Pali cizolowezi cimodzi cimene cimapha mfuti imeneyi isanakalambe. Munthu akaigwira aloza khoma, nakhethemula mulibe cipolopolo, kuti anzace amve kulira kwace. Kulira kumeneko nkwa citsulo cirikumenya citsulo cinzace.

Kuti mumvetse, yang'anani zipolopolo ziwiri. Ca .303, cija anagwira naco nchito asilikari a K.A.R., ciri ndi kakapu pakati peni peni pa thako lace. Ca .22 ciribe kakapu. Mankhwala oyatsa wonga ali m'kati mwa mkombero wa thako, kuzungulira konse. Nzeru imeneyi anaiyamba Louis-Nicolas Flobert wa ku France m'caka ca 1845. A Smith & Wesson a ku America anaturutsa .22 Short mu 1857, ndipo a Stevens anaturutsa .22 Long Rifle mu 1887, cimene cigulidwa kufikira lero.

M'kati mwa mfuti muli kamsomali kamene kamagogoda cipolopolo. Pa .303 kamsomali kalunjika pakati pa cibowo ca mpope. Mukakhala mulibe cipolopolo kangomenya mphepo. Pa .22 kalunjika m'mphepete, pakuti nchito yace ndiyo kufinya mkombero wa mkuwa pa citsulo ca khomo la mpope. Mkuwa ngwofewa, ndiwo ulandira nkhonya. Ukasowa mkuwa, nkhonya yonse igwera pa citsulo ca mfuti. Inu amene mumabowola mwala pansi mudziwa kuti makina akamalira citsulo cisanakhudze mwala adzidya okha. Mfuti nayonso icita cimodzimodzi.

Tsono zoonongeka ziri ziwiri. Coyamba, nsonga ya kamsomali ibuntha, kapena ibenthuka, kapena ithyoka. Caciwiri ndico cacikuru: pa khomo la mpope pakumbika kadzenje, ndipo citsulo cocokera m'kadzenjeko cipindikira m'cibowo. Kamodzi kokha kapena simuona kanthu, koma kawiri kawiri bala likula. Zizindikiro zace nzi: cipolopolo cibvuta kulowa, khoko lace likana kuturuka mutaombera, ndipo mulikolokosa ndi mpeni, mfuti iyamba kukana moto, cifukwa mkombero ulibenso pokhazikika poti ufinyike. Kamsomali katsopano nkocepa mtengo, koma mpope watsopano udya ndarama zambiri za thukuta lanu.

Bala likaoneka musatenge tupa. Mukapala, citsuloco capita ndithu, ndipo kadzenje katsala. Pitani nayo kwa mmisiri wa mfuti. Iye ali ndi cipangizo cokankhira citsulo cija kuti cibwerere m'malo mwace.

Nzoona kuti mfuti zina za .22 anazipanga ndi coimitsa kamsomali kasanafike pa mpope, monga Ruger 10/22 imene inayamba kupangidwa mu 1964. Koma zambiri zakale ziribe, ndipo coimitsaco cimathanso kutha kapena kusowa. Lamulo labwino ndi ili: ngati buku la mfuti yanu silinena poyera kuti nkololedwa, musatero.

Nanga wofuna kuzoloweza cala acite ciani? Agule cipolopolo cabodza ca pulasitiki ku sitolo ya mfuti. Cikasowa, alowetse khoko lakale limene linaombedwa kale, nalizunguza nthawi iri yonse kuti kamsomali kamenye pa mkombero pamene sikanamenyepo, likaphwanyika alitaye. Poisunga mfuti, pa zambiri za bolt mutha kupumitsa sipuling'i popanda kugogoda: muone kaye kuti mulibe kanthu, mukoke cokhethemulira, ndipo muli cigwirire mutseke bolt pang'ono pang'ono. Amene muli ndi mfuti yodzilowetsa yokha zipolopolo, muziwerenga poombera, pakuti zina sizidziwitsa kuti zatha.

Pogula mfuti kwa munthu wina, musakopeke ndi thabwa lonyezimira. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsegulani bolt, muunike pa khomo la mpope, muone ngati pali kadzenje m'mphepete. Ndipo musapereke ndarama musanalongosole za laisensi ku polisi. Mfuti yopanda laisensi ndi mlandu m'maiko athu onse, makamaka poidutsitsa pa malire.

Pomariza, bvuto loposa onse siliri pa citsulo. Wozolowera kukhethemula mwacisawawa, tsiku lina adzakhethemula muli cipolopolo cimene anaciiwala. Ca .22 ncacing'ono, koma cimapha munthu, ndipo citha kuuluka kupitirira mailosi imodzi. Nthawi iri yonse mukagwira mfuti, tsegulani, yang'anani ndi maso, pisani ndi cala, ndipo musaloze kumene kuli anthu. Ikakana moto musafulumire kutsegula. Khalani cilozere kocinjirizika masekondi 30, monga pa mgodi simuthamangira pa bowo limene lakana kuphulika.

Sabata ya mawa tidzakamba za kutsuka mpope ndi kuusunga ku dzimbiri m'nyengo ya dzinja. Tsalani bwino, mugwire nchito mosamala.