NDALAMA ZOTUKULIRA SUKULU: KODI ZIKUMFIKA MWANA?

Mwezi uno tikambirane za ndalama zimene zimaperekedwa ku sukulu zotsalira m'mbuyo, pakuti ambiri a ife timangomva kuti zafika, koma sitifunsa kumene zapita.

Pamene maphunziro a ulere a pulayimale anayamba m'chaka cha 1994, chiŵerengero cha ana a sukulu m'Malaŵi chinakwera kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liŵiro lomwelo. Pofuna kuchepetsa vutoli, m'chaka cha 2010 boma linayamba kutumiza ndalama ku maakaunti a sukulu, kuti mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi makolo azigwirizana okha zofunika kugula. M'chaka cha 2016 kunabweranso ntchito ya MESIP, ya madola 44.9 miliyoni ochokera ku Global Partnership for Education. Gawo lina la ndalamazo linali thandizo lapadera kwa sukulu 800 za m'maboma asanu ndi atatu, monga Dedza, Kasungu, Mangochi ndi Chikwawa, kumene ana ambiri anali kubwereza makalasi ndi kusiyira sukulu panjira.

Cholinga chinali chabwino ndithu. Komatu ndalama pazokha siziphunzitsa mwana kuŵerenga. Ku America, boma la Barack Obama linaonjezera madola 3 biliyoni m'chaka cha 2009 kuti akweze sukulu zolephera kwambiri, ndipo m'sukulu zambiri aphunzitsi aakulu anachotsedwa. Lipoti la boma lomwelo la m'chaka cha 2017 linapeza kuti ana a m'sukuluzo sanapose anzawo a m'sukulu zofanana nazo, kaya pa masamu kapena pa kuŵerenga. Ngati zinatero m'dziko lolemera chotere, ife amene tili ndi zochepa tiyenera kusamala koposa.

Yesero lalikulu pa ndalama zotere ndilo kugula zinthu zooneka ndi maso. Khoma lopaka penti limakondweretsa alendo, mipando ya mu ofesi imapatsa ulemu, ndipo misonkhano yokhala ndi zakumwa imakoma. Koma nthenda ya sukulu yotsalira ili m'makalasi a m'munsi, kuyambira Sitandade 1 kufikira Sitandade 4, m'mene mphunzitsi mmodzi amatha kuyang'anizana ndi ana opitirira zana, okhala pansi, olimbirana buku limodzi. Mwana amene wafika Sitandade 3 osadziŵa kulumikiza zilembo amabwereza, namabwerezanso, kufikira atachita manyazi ndi msinkhu wake. Mnyamata amapita kukaŵeta ng'ombe kapena kukagwira ganyu, mtsikana amakwatiwa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Chifukwa chake tikupempha kuti pa msonkhano wokonza mapulani a sukulu, makolo azifunsa mafunso atatu.

Loyamba: Kodi ana angati anabwereza Sitandade 1 ndi 2 chaka chatha, ndipo chifukwa chake n'chiyani? Mphunzitsi wamkulu ali ndi kaundula. Aŵerenge manambalawo pamaso pa anthu.

Lachiŵiri: Kodi chimene tikufuna kugulachi chichepetsa bwanji chiŵerengero chimenecho? Chisakasa cholimba chimagaŵa kalasi lalikulu paŵiri. Mphunzitsi wothandizira amapereka mpata wa maphunziro apadera kwa ana ochedwa kumva. Chimbudzi chabwino ndi chipinda chosinthiramo zimasunga mtsikana wotha msinkhu pa sukulu. Makope ndi yunifolomu zimabwezera mwana wamasiye m'kalasi. Chinthu chimene sichingayankhe funso limeneli chiyambe chadikira.

Lachitatu: Kodi malisiti ali kuti? Ndalama zimene zaloŵa ndi zimene zatuluka zilembedwe pa bolodi poonekera, kuti ngakhale agogo odutsa apemphe mdzukulu awaŵerengere. Kufunsa lisiti si kunyoza munthu ayi. Kumateteza mphunzitsi wamkulu wokhulupirika ku miseche, ndipo kumaletsa dzanja la wosakhulupirika.

Tisankhenso bwino anthu a m'komiti. Tisaike munthu chifukwa ndi mbale wa amfumu kapena chifukwa amalankhula mokweza. Tifune amayi ndi abambo odziŵa kuŵerengera ndalama, amene ana awo akuphunzira pa sukulu yomweyo, pakuti iwo ndiwo amamva kuŵaŵa zinthu zikalakwika.

Inu achinyamata amene munatsiriza Fomu 4, musaone ngati nkhaniyi ndi ya akuluakulu okha. Khalani pafupi ndi makolo anu pa msonkhano, muwathandize kuunika ziŵerengero. Madzulo tengani ang'ono anu, muŵerenge nawo ngakhale tsamba limodzi.

Teremu ikamatha, tisafunse kokha kuti ndalama zatha bwanji. Tiitane mwana wa Sitandade 2, timpatse buku, timve ngati akuŵerenga.