MAU AKUTI "ZAMKUTU"

Pabwalo, pamtondo ndi pacitsime pamveka kawirikawiri mau akuti, "Zamkutu!" Munthu anena mau awa pamene mnzace walankhula zopanda mutu, zosayenera kuzisunga mumtima. Tanthauzo lace lifanana ndi "zacabecabe" kapena "zopusa", koma "zamkutu" ndiwo mau a poceza. Samveka bwino pa mlandu pamaso pa mfumu, kapena m'kalata.

Zamkutu zisiyana ndi bodza. Wabodza adziwa coona, nacibisa dala. Koma wa zamkutu sadziwa kanthu. Angotola nkhani panjira, nathamanga nayo kwa anzace. Mnyamata akanena kuti anaona mlamba waukulu ngati bwato m'kamtsinje ka kudimba, anzace aseka nati, "Zamkutu!" Pamenepo mauwo agwira nchito yabwino, pakuti aletsa nkhani yopanda pace isanafike kutali.

Koma mau awa ali ngati mpeni wakuthwa, umene usenda cinangwa, nucekanso cala ca mwini wace. Pali njira ziwiri zodziceka nao.

Yoyamba ndiyo mwano. Mwana woyankha agogo ace kuti "Zamkutu" wacititsa manyazi makolo ace, cinkana nkhaniyo ikhale yokayikitsa. Mwana wa mwambo akhala pansi, nafunsa mwaulemu kuti, "Kodi agogo, zimenezi zinacitika bwanji?" Paja mau a akulu akoma akagonera.

Yaciwiri ndiyo ulesi wa kuganiza. Alipo anthu amene ayesa zamkutu nkhani iri yonse imene sanaimvepo kale. M'caka ca 1897 sing'anga wina, dzina lace Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Tsopano cadziwika kuti udzudzu waukazi ukaluma wodwala, nulumanso wina pambuyo pace, umpatsa nthendayo, ndi kuti udzudzu uswana m'madzi osayenda, monga m'zithaphwi ndi m'mapale otayidwa kuseri kwa nyumba. Tsono mwana wa sukulu apempha a kwao kuti akwirire maenje a madzi, mkulu wace nangoti, "Zamkutu! Kacirombo kakang'ono kotere nkugwetsa munthu?" Kuseka kwaceko sikuletsa udzudzu kuluma. Dzinja likafika, amene adzagona wonjenjemera ndi malungo ndiye khanda la m'nyumba momwemo.

Cifukwa cace munthu wanzeru safulumira kuchula mau awa. Ayamba wafunsa mafunso atatu: Wanena nkhaniyi ndani? Kodi anaona yekha, kapena anangomva? Kodi pali njira yoiyesa? Nkhani ikalephera pa mafunso onsewa, imeneyo ndi zamkutu ndithu, ndipo itayidwe kudzala. Koma ikaima cilili, woimvayo atseke pakamwa, nacite cimene nkhaniyo imlangiza.