Afunseni ophunzira teremu isanathe

M'makoleji ambiri ophunzira amapatsidwa pepala loti anenepo za kaphunzitsidwe mayeso atafika kale pakhomo. Kodi pamenepo pepalalo lithandiza yani? Madzi akatayika saoleka. Ife tikuti mphunzitsi awafunse pakati pa teremu, asalembe maina, kenaka abwere adzawayankhe pamaso: ichi ndisintha, ichi ayi, chifukwa chake nachi.

Za mainazi si nkhani yaing'ono. Amene adaphunzira ku Chancellor College m'nthawi ya chipani chimodzi akukumbukira kuti makutu a boma ankakhala m'kalasi momwemo, ndipo mphunzitsi wawo Jack Mapanje adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mantha otere satha msanga. Wophunzira akaona kuti malikisi ake ali pachiswe, adzangolemba kuti zonse zili bwino.