Ulemu si Ukapolo

Pophunzira mawu a Chingerezi ofotokoza khalidwe la munthu, timakumana ndi liwu lakuti "servile". Ophunzira ambiri tikawafunsa tanthauzo lake amati ndi munthu waulemu kapena womvera. Yankholi ndi lolakwika, ndipo kulakwa kwake sikuthera pa mayeso a MSCE okha. Kumafika mpaka m'makomo mwathu.

Liwuli linachokera ku liwu la Chilatini lakuti "servus", kutanthauza kapolo. Mngerezi akati munthu ndi "servile" sakumuyamikira ayi. Akunena kuti munthuyo amadzigwetsa pansi pamaso pa wamphamvu chifukwa cha mantha kapena pofuna kanthu. Kwathu kuno timamudziwa bwino. Ndi uja wa "inde bwana", amene amaseka bwana akaseka, navomera ngakhale zimene mtima wake ukukana. Munthu waulemu amatchedwa "respectful", wodzichepetsa "humble". Choncho ophunzira, polemba chimangirizo musanene kuti mayi anu ndi "servile" poganiza kuti mukuwatamanda. Mwatero mwawanyoza.

Ife a ku Ntcheu sitisowa chitsanzo chosiyanitsira mawuwa. Tulutsani K50 m'thumba, muone nkhope ili pamenepo. Ndi Inkosi ya Makhosi Gomani Yachiwiri, a Philip Gomani. Mu 1953, boma la atsamunda likukakamiza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mfumuyi inakana poyera, niuza anthu ake kuti asamvere ena mwa malamulo a bomalo. Boma linaichotsa pampando, apolisi anapita kukaigwira ku Lizulu ili chidwalire, ndipo inamwalira mu 1954. Bambo ake, Gomani Woyamba, anaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896. Angoni amaudziwa ulemu, paja mfumu amailonjera ndi "Bayethe". Koma ulemu womwewo sunaletse a Philip Gomani kunena kuti ayi. Akadakhala a "inde bwana", ufumu akadausunga, koma pa ndalama yathu sakadakhalapo.

Chipembedzo chathu nacho chikugwirizana ndi mfundoyi. Mabuku a Chingerezi amamasulira liwu lakuti Chisilamu kuti "submission", kugonjera. N'zoona, koma kugonjera ndani? Dzina lakuti Abdullah litanthauza kapolo wa Allah, osati wa munthu. Mphumi timagunditsa pansi kwa Mlengi yekha. Makolo, aphunzitsi, mashehe ndi mafumu timawalemekeza ndi kuwamvera pa zabwino, koma sitiwagwadira pa zoipa.

Tikulemba izi chifukwa nafenso akuluakulu timasokoneza ziwirizi. Mwana wongokhala chete m'kalasi, wosafunsa ngakhale sanamve, timamutcha wakhalidwe. Wofunsa kuti "chifukwa chiyani?" timamutcha wamwano. Chonsecho makolo athu omwe anati safunsa anadya phula. Taganizirani za mtsikana amene kuyambira ali wamng'ono wakhala akuuzidwa kuti wamkulu sakanidwa. Tsiku limene bambo wina wachikulire adzamuimitse panjira atanyamula ndalama ya fizi, mawu okanira adzawapeza kuti? Nanga mnyamata amene anazolowera kuvomera chilichonse, akadzatumidwa ndi wandale kukagenda anzake, kapena ndi bwana wake kukasaina mapepala abodza, adzatha kukana?

Sitikunena kuti ana asiye kugwada popereka madzi kwa agogo, kapena kuti aziyankha makolo mwachipongwe. Mwambo umenewo ndi wabwino, tiusunge. Chimene tikunena n'chakuti mwana angathe kugwada, kupereka moni mwaulemu, kenaka n'kunena modekha kuti, "Pepani bambo, zimenezo sindingachite." Ameneyo ndi "respectful". Amene wavomera choipa akunjenjemera ndiye "servile".

Tikupempha makolo kuti mwana akakutsutsani mwaulemu, yambani mwamumvetsera musanakalipe. Ife aphunzitsi tiziyamikira wofunsa monga timayamikirira wokhoza. A komiti ya mzikiti, kholo likafunsa pamsonkhano za mmene ndalama za chitukuko zayendera, musalione ngati mdani. Ana akuona mmene mukuliyankhira. Ndipo inu ophunzira, lembani liwuli m'makope mwanu pamodzi ndi tanthauzo lake lenileni. Mulidziwe bwino kuti mukalikhoze pa mayeso, koma wina asadzakutchuleni nalo.