Khunkha la osauka m'zipatala za ku America

Chaka ndi chaka, aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Washington pamodzi ndi a m'zigawo za dziko la America akakhala pansi kuti agawe chuma cha boma, akuluakulu a zipatala nawonso amamanga ulendo wokagogoda pa makomo awo. Ndipo popeza mutu umodzi susenza denga, sapita aliyense payekha, koma amapita m'dzina la mabungwe awo, ndipo lalikulu mwa onsewo ndi American Hospital Association, limene limayankhulira zipatala pafupifupi 5,000. Madandaulo amene amasenza ndi ambiri, koma atatu sachoka pakamwa pawo: kuti mtengo wotsika umene amagulira mankhwala usachotsedwe, kuti malamulo oteteza odwala ndi antchito akhale otheka kuwasunga, ndi kuti boma lithandize kuphunzitsa madokotala ndi anamwino. Pa zonse zitatuzi ine ndili kumbali yawo, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chimene ndiwapempha n'chimodzi chokha, chakuti munthu wopempha m'dzina la wosauka azionetsa poyera kumene chopemphedwacho chapita.

Nkhani ya mankhwala idayamba motere. M'chaka cha 1990 boma lidalamula kuti makampani opanga mankhwala azipatsa Medicaid, thumba lolipirira chithandizo cha anthu osauka, mtengo wotsikitsitsa umene apatsa wogula wina aliyense. Cholinga chake chinali chabwino ndithu, komatu walira mvula walira matope: makampaniwo ataona kuti chifundo chilichonse chochitira chipatala chimodzi chidzawakakamiza kutsitsiranso boma mtengo, adaleka kuchotserako mitengo zipatala zothandiza amphawi ndi za asilikali opuma, zimene kale ankazikomera mtima mwa kufuna kwawo. Pofuna kuwongola chokhotacho, Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa mu 1992 lamulo limene anthu amangolitchula ndi nambala ya ndime yake, 340B, ndipo Pulezidenti George H. W. Bush adalisainira. Lamulolo likuti kampani iliyonse yofuna kuti Medicaid izilipira mankhwala ake iyenera kugulitsa motsika mtengo mankhwala a odwala osagonekedwa ku zipatala zimene zasenza katundu wolemera wa osauka, ku zipatala zazing'ono za m'madera, ndi ku malo osamalira odwala Edzi. Kawirikawiri mtengowo umatsika ndi 25 mpaka 50 pa 100 iliyonse.

Wina angadabwe kuti dziko lolemera chotere lifuniranji lamulo lotero. Koma m'dziko lomwelo anthu oposa 25 miliyoni adalibe inshuwalansi ya zaumoyo m'chaka cha 2023, ndipo chiyambire 1986 lamulo limakakamiza pafupifupi chipatala chilichonse chokhala ndi chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi kuti chimuyeze ndi kumuthandiza aliyense wofika ali pangozi, kaya ali ndi ndalama kaya alibe. Wina ayenera kulipira mtengo wa chifundo chimenechi. Kumidzi ya ku America zipatala zoposa 100 zatsekedwa kapena zaleka kugoneka odwala chiyambire 2010, ndipo n'chifukwa chake kudali koyenera kuti m'chaka chomwecho lamulo la 340B litambasulidwe kufikira zipatala zakumidzi za mabedi osapitirira 25, kumene mayi wodwala khansa akadayenda mitunda yaitali kuti akalandire mankhwala ake chipatala chapafupi chikadagwa. Ndikamaganizira lamuloli ndimakumbukira chilamulo cha Mose, chimene chidaletsa mwini munda kukolola mpaka m'malire, kuti mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye apezeko khunkha. Makampani a mankhwala ndiwo eni munda, ndipo zipatala zidaikidwa kukhala akapitao osunga khunkhalo m'malo mwa eni ake enieni.

Tsono apa ndi pamene pagona mlandu. Chipatala chikagula mankhwala pa mtengo wotsika, chimaloledwa kulipiritsa kampani ya inshuwalansi ya wodwalayo mtengo wanthawi zonse, n'kusunga ndalama yotsalayo. Ndipo lamulo silichikakamiza kuti chichotsereko mtengo wodwala weniweniyo, ngakhale kulengeza chimene chachita ndi ndalamazo. Pamene zipatala zolowa m'dongosololi zinali zochepa, ndi anthu ochepa amene adalabadira mpata umenewu. Koma mu 2010 nthambi ya boma yoyang'anira lamuloli, HRSA, idalola kuti chipatala chimodzi chizichita mapangano ndi masitolo a mankhwala ochuluka monga chingafunire, pamene kale chinkaloledwa sitolo imodzi yokha, kotero kuti dongosololi lidakula mofulumira zedi, mpaka m'chaka cha 2023 mankhwala ogulidwa pansi pa 340B adafika pa madola 66.3 biliyoni.

Ndalama zikachuluka chotero, milandu siichedwa. Mu 2018 boma lidadula pafupifupi 30 pa 100 iliyonse ya ndalama zimene Medicare, thumba la okalamba, imabwezera zipatala za 340B pa mankhwala amenewa. Zipatala zidakasuma, ndipo m'mwezi wa Juni 2022 oweruza onse asanu ndi anayi a bwalo lalikulu koposa m'dzikomo adagamula mogwirizana kuti boma lidalakwa, popeza lidadula ndalamazo lisanafufuze mtengo weniweni umene zipatala zimagulira mankhwala. Pambuyo pake boma lidavomera kubweza madola pafupifupi 9 biliyoni. Kumbali ina, kuyambira 2020 kampani ya Eli Lilly ndi ena anzake adayamba kukana kutumiza mankhwala otsika mtengo ku masitolo a mapangano aja, ndipo mabwalo a apilo awiri adawaikira kumbuyo. Zitatero mabungwe a zipatala adatembenukira ku nyumba za malamulo za m'zigawo, ndipo chigawo cha Arkansas chidatsogola mu 2021 ndi lamulo loletsa makampani kuchita zimenezi, lamulo limene bwalo la apilo lidalitsimikiza mu 2024. Sindiwadzudzula konse chifukwa cha khama limeneli, pakuti makampani amene akulimbana nawo si amphawi, ndipo mitengo ya mankhwala ku America iposa ya maiko ena onse olemera.

Koma wakutsina khutu ndi mnansi, choncho ndiyenera kunenanso zimene zimandipweteka. M'mwezi wa Sepitembala 2022 nyuzipepala ya New York Times idalemba za Richmond Community Hospital, chipatala chaching'ono cha m'dera la anthu akuda osauka m'chigawo cha Virginia. Malinga ndi nyuzipepalayo, eni ake, a Bon Secours Mercy Health, adagwiritsa ntchito dzina la chipatalacho kugulira mankhwala otsika mtengo a makiliniki awo a m'madera a anthu olemera, pamene chipatala chenichenicho chidatsekeredwa chipinda cha odwala mwakayakaya ndipo chinkasowa madokotala a ukatswiri. Ngati zidaterodi, ndiye kuti umphawi wa anthu a m'deralo udasanduka chiphaso chopezera phindu, eni umphawiwo osalawako kanthu. Sindinena kuti zipatala zonse zimatero. Zambiri zimagwiritsa ntchito ndalamazi kupereka insulini kwa osowa, kusunga zipinda zochirira amayi, ndi kutumiza magalimoto a chipatala kumidzi. Koma popanda mabuku otsekulidwa, kapitao wokhulupirika ndi wosakhulupirika amaoneka chimodzimodzi pamaso pa anthu, ndipo wokhulupirikayo amasenza manyazi a mnzake. Chigawo cha Minnesota chidalamula kuti onse opindula ndi 340B azipereka malipoti, ndipo lipoti loyamba, la mu 2024, lidaonetsa kuti m'chaka cha 2023 adatsala ndi madola osachepera 630 miliyoni, gawo lalikulu koposa litapita ku zipatala zikuluzikulu. Chiwerengerocho sichitsutsa munthu, koma chimapatsa aphungu ndi odwala poyambira kufunsa. Ndikadakondwa kuona mabungwe a zipatala akupempha okha lamulo lotere m'dziko lonse, asanawakakamize adani awo.

Ndikutero molimba mtima chifukwa pa nkhani ya chitetezo cha odwala mabungwe omwewa adaonetsa kale kuti kuwerenga poyera kumapulumutsa miyoyo. Mu 1999 bungwe la Institute of Medicine lidadzidzimutsa dziko lonse ponena kuti anthu pakati pa 44,000 ndi 98,000 amafa chaka chilichonse m'zipatala za ku America chifukwa cha zolakwa zopeweka. Patapita zaka zochepa, bungwe la zipatala za m'chigawo cha Michigan lidagwirizana ndi dokotala Peter Pronovost wa ku Johns Hopkins kuti alimbane ndi matenda olowa m'magazi kudzera m'kapaipi kamene amalowetsa mumtsempha waukulu wa wodwala mwakayakaya. Malangizo ake adali asanu, ndipo palibe limene dokotala sankalidziwa: kusamba m'manja, kuvala zodzitetezera zonse ndi kufunditsa wodwala nsalu zoyera, kupukuta khungu ndi mankhwala a chlorhexidine, kupewa mtsempha wa m'mphechepeche, ndi kuchotsa kapaipiko ntchito yake ikangotha. Chatsopano chinali chakuti namwino adapatsidwa mphamvu yoimitsa dokotala, ngakhale wamkulu chotani, akadumpha langizo limodzi, ndiponso kuti chipinda chilichonse cha odwala mwakayakaya chinkawerenga odwala ake ogwidwa ndi matendawa mwezi ndi mwezi n'kupereka chiwerengerocho. Zotsatira za zipinda 103, zimene zidasindikizidwa mu 2006, zidaonetsa kuti matendawo adatsika mpaka ndi 66 pa 100 iliyonse. Akuluakulu a zipatala akamadandaula kuti malamulo a chitetezo achulukitsa mapepala ndipo akudya nthawi ya anamwino, nthawi zambiri amanena zoona, ndipo mapepala obwerezabwereza ayenera kuchepetsedwa. Koma asaiwale kuti ulemu umene Michigan idalandira udadza chifukwa zipatala zidalola kuyesedwa.

Pa za maphunziro dandaulo lawo n'lomveka. Lamulo la mu 1997 lidaika malire pa chiwerengero cha madokotala ophunzira ntchito amene Medicare imalipirira, ndipo malirewo adakhala osasunthika kwa zaka zoposa makumi awiri, kufikira kumapeto kwa 2020 pamene aphungu adavomereza malo ena 1,000. Mliri wa Covid-19 udathamangitsanso pa ntchito anamwino pafupifupi 100,000. Apa nkhaniyi itikhudza ife tomwe, pakuti chipatala cha dziko lolemera chikasowa antchito chimatumiza maso kutsidya la nyanja, ku Philippines, ku India, ku Nigeria ndi kwina. Amalawi adalawapo kale kuwawa kwake pamene anamwino athu ankapita ku Britain chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mpaka boma, mothandizidwa ndi Britain yomweyo ndi Global Fund, lidawonjezera malipiro a antchito a zaumoyo ndi 52 pa 100 iliyonse kuti atsale. Mu 2023 bungwe la World Health Organization lidatchula maiko 55 amene antchito awo a zaumoyo sayenera kukopedwa mwadala, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe adali pa mndandandawo. Namwino wofuna kupita kunja ali ndi ufulu wake, ndipo sindimuweruza. Koma chipatala chimene chimatsala ndi mamiliyoni a madola a 340B chingathe kulipirira sukulu ana a m'dera lake lomwelo, kulemba aphunzitsi a unamwino amene masukulu a kumeneko akusowa, ndi kulemba m'lipoti lake la pachaka kuti chaphunzitsa angati.