MWANA ALIYENSE AKHALE NDI BUKU M'MANJA

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse za ku Mitundu ndi ku Nathenje, mwezi uno tifuna kulankhula nanu za chinthu chimene sichimveka kawirikawiri pa misonkhano yathu. Timakhalitsa pa nkhani ya mtengo wa feteleza, msika wa fodya ndi soya, ndiponso miseu yathu imene imaduka mvula ikagwa. Koma za buku, choko ndi kope la mwana wa Sitandade 1 tiri chete, monga ngati imeneyo ndi nkhani ya aphunzitsi okha. Ife tikuti ai. Mwana amene alephera kuwerenga lero ndiye mlimi amene adzaberedwa pa sikelo mawa, ndipo ndi yemweyo adzadinda chala pa pepala limene sadziwa mau ake.

Taonani m'mene zinthu ziriri. Pa kafukufuku amene ofesi ya Boma ya National Statistical Office ku Zomba inachita m'zaka za 2019 ndi 2020, kunapezeka kuti mwa ana 5 alionse a zaka 7 kufikira 14, mmodzi yekha ndiye amatha kuwerenga kankhani kafupi ndi kumva tanthauzo lake. Ku masamu zinali zoipa koposa. Musaganize kuti anai otsalawo ndi ana othawa sukulu okhaokha. Ambiri a iwo amadzuka m'mawa, napita, nakhala m'kalasi mpaka masana, koma abwerera kwao manja ao osakhudzako buku.

Bvuto limeneli silinayambe dzulo. Pamene Boma linathetsa fizi ya ku pulaimale m'chaka cha 1994, ana analowa sukulu mwa unyinji, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Tonse tinakondwera, ndipo kunali koyenera kukondwera. Koma walira mvula walira matope. Zipinda, aphunzitsi ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro la anawo, ndipo kufikira lero tikali kuthamangira m'mbuyo mwao.

M'chaka cha 2016 Unduna wa Maphunziro unayambitsa National Reading Programme, ndondomeko yophunzitsa kuwerenga Chichewa ndi Chingerezi kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Mabuku atsopano anakonzedwa mogwirizana ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi, aphunzitsi anapita ku maphunziro, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake linachokera ku America kudzera ku USAID, ndi ku Britain. Tsono mu 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lake lochuluka ndi kutseka USAID. Apa mpamene pali nkhawa yathu. Buku la mwana wamng'ono silikhalitsa: limang'ambika, limanyowa, chiswe chimadya. Amene anali kutithandiza kusindikiza atsopano achoka, ndipo palibe watiuza kuti adzabwera liti. Inde, kuyambira 2023 Boma liri kugawa m'sukulu matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa, pa ndondomeko ya BEFIT, ndipo tikuyamika. Koma tabuleti mwana amaigwira kanthawi kochepa, ndipo imagona ku sukulu. Chimene angapite nacho kwao, nawerengera mng'ono wake pa khonde, ndi buku.

Kodi tsono tipinde manja? Kumbukirani kuti dera lathu lino si lachilendo ku malemba. Mishoni ya Nkhoma, kum'mawa kwa Nathenje, inatsegulidwa mu 1896, ndipo makina ake osindikiza anatulutsa mabuku amene anafika m'sukulu za m'midzi kutalitali. Mphunzitsi wa komweko, Samuel Nthara, analemba Nthondo, buku limene linapata mphotho mu 1933, nalembanso Mbiri ya Achewa. Agogo athu anayamba kulemba ndi chala pa mchenga, kenaka pa sileti, ndipo ambiri a ife tinatsegukira maso pa buku lija la Sosa. Dzina lake linali loona, pakuti munda wosasosa suyenda khasu. Anthu amenewo analibe zambiri, koma kamene anali nako anakasamala, nakaika m'manja mwa mwana.

Chotero tikupempha nthambi iriyonse kuti ichite zinthu zinai izi mvula isanafike.

Choyamba, werengani. Sankhani anthu atatu, mmodzi akhale mai, apite kwa a hedimasitala mwaulemu ndi kuwerenga nao pamodzi: ana a Sitandade 1 mpaka 4 alipo angati, mabuku a Chichewa, Chingerezi ndi masamu alipo angati, abwino ndi angati, ong'ambika ndi angati. Funsaninso kumene mabukuwo amakhala. M'sukulu zina mabuku atsekeredwa m'kabati chifukwa aphunzitsi aopa kuti akatayika mlandu udzakhala wao. Manthawo ndi omveka, ndipo mankhwala ake tiri nao ife makolo: tilonjeze kuti buku lobwerekedwa lidzabwerera, ndipo a mfumu akhale mboni. Buku la m'kabati liphunzitsa chiswe, osati mwana.

Chachiwiri, pitani ku misonkhano ya komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi. Boma limapereka ku sukulu za pulaimale ndalama zotukulira sukulu, zimene aphunzitsi amazitcha SIG, ndipo komiti iri ndi mau pa kagwiritsidwe nchito kake. Ndalamazo ndi zochepa, ndipo nthawi zina zimachedwa. Chifukwa chake tambala iriyonse iyenera kuoneka kumene yapita. Pemphani kuti zolowa ndi zotuluka zilembedwe ndi kumatidwa pa khoma. Pogawa, choko, makope ndi mapensulo a ana aang'ono zikhale patsogolo. M'mera mpoyamba.

Chachitatu, pangani zipangizo ndi manja anu. Aphunzitsi athu anaphunzira ku koleji njira imene a ku Domasi amaitcha TALULAR, ndiko kunena kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwe tikhala. Chimene asowa ndi nthawi ndi owathandiza, pakuti munthu mmodzi sangasemere ana 100. Zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga ndi timitengo tomanga khumikhumi ndizo masamu a Sitandade 1. Makatoni amene amatayidwa pa msika wa Mitundu ndi m'masitolo a pa Nathenje angadulidwe, nalembedwapo a, e, i, o, u ndi maphatikizo monga ba, be, bi. Amai oumba mbiya angaumbe malembo a dothi amene mwana agwire ndi kuwatsata ndi chala. Nsungwi ipereka rula, thumba la feteleza lochapa bwino lisokedwa chikwama chotchinjiriza buku ku mvula, ndipo mmisiri wa matabwa angakhome kabokosi kosungiramo mabuku kutali ndi pansi. Anyamata ndi atsikana amene anatsiriza Folomu 4 akhale pansi ndi agogo, alembe nthano ndi ndagi zathu m'malembo akuluakulu, asoke timabuku. Mwana amafulumira kuwerenga mau amene anawamva kale pa moto.

Chachinai, lekani kuononga. Tiyenera kunena poyera, ngakhale ziwawe: masamba a mabuku a sukulu amapezeka atakulunga mandasi ndi usipa, ena apichira fodya, ndipo mabuku a Boma olembedwa kuti sagulitsidwa amaoneka pa misika. Wogula buku lotere wagula chakuba, ndipo waba kwa mwana wa mnansi wake. Membala wa nthambi yathu asapezeke m'zimenezi.

Ena adzati, "Kodi imeneyi si nchito ya Boma? Misonkho yathu ipita kuti?" Akunena zoona, ndipo sitikulichotsera Boma katundu wake. Boma lokha linadziikira muyeso wakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, ndipo tonse tidziwa makalasi amene apitirira pamenepo kutali. Koma dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo. Tikapita kwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu, kwa khansala, kapena kwa phungu wathu wa ku Nyumba ya Malamulo tiri ndi pepala lonena kuti pa sukulu yakuti ana alipo mwakuti, mabuku mwakuti, adzasowa pozembera. Ndiponso pamene tiri kudikira yankho lao, mwana sadikira. Chaka chimene wataya mu Sitandade 1 sichibweranso.

Ndipo inu bambo, inu mai, ngakhale simunapite ku sukulu, madzulo muitaneni mwana akuwerengereni tsamba limodzi. Khutu lanu lidziwa Chichewa, ndipo akaphonya mudzamva.

Alembi a nthambi zonse abweretse mawerengero a sukulu zao pa msonkhano wathu wa mwezi wa mawa, ndipo tidzawasindikiza m'kalata ino, sukulu ndi sukulu, kuti onse aone. Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tigwirane manja, nchito iyambe Lolemba.